Manja a Dokotala Mutale

Ana anga, za kumudzi kwa agogo anu ndi za sukulu ya kumishoni ndinakuuzani kale pakamwa, sindizibwelezanso pano. Chimene simudziwa ndi zimene amai anu ankachita kuseli kwa chitseko chija cha fiyeta, chipinda cha opaleshoni, kumene ndinkatulukako zovala zikununkha mankhwala, inu n'kumandithawa mutagwila mphuno. Maso ayamba kuchita nkhungu, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale.

Ku Sandwe, chaka chachitatu cha ufulu

Ntchito ya unamwino ndinaiyambila pa kachipatala ka zipinda ziwili cha kumbali ya Sandwe. Ndinafika pa lole yokatenga thonje, nditakhala pamwamba pa matumba, fumbi lili m'tsitsi ndi m'mano. Kunali kutentha kwa kuchigwa, koti madzi a mumtsuko umawamwa ngati tiyi. Amene anandilandila anali a Daka, mthandizi wa dokotala, munthu wamfupi, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mwana. Kwa anthu a kumeneko iwo ndiwo anali dokotala, chifukwa dokotala weniweni ankabwela kamodzi pa miyezi ingapo, mseu ukalola.

Sabata yanga yoyamba anabwela nae mwamuna wodzitema ndi nkhwangwa pa katumba. A Daka anandipatsa singano n'kuima kumbuyo kwanga. Ndinasoka thukuta likudontha, iwo osanena kanthu. Wodwalayo atapita kukagona, anandiitanila m'chipinda cha mankhwala n'kundiuza kuti mfundo ziwili ndathinitsa kwambili, khungu lidzada, tiyeni tikazimasule. Ndinafunsa chifukwa chake sananene pomwepo.

"Ndikadanena pamaso pake, mailo akanakana kuti umugwile," anatelo a Daka. "Ndipo iwenso ukanakana kugwila wina."

Ndinakhala nao zaka zinayi. Zambili zimene ndinadzachita pambuyo pake ndinazitola kumeneko, ngakhale nthawi imeneyo ndinkangoona ngati ndikuphunzila kusoka mabala.

Ku Nyimba, zaka zoyamba za chipani chimodzi

Nditakwatiwa ndi atate anu, amene ankaphunzitsa ku pulaimale, anandisamutsila ku Nyimba. Kumeneko mseu waukulu wa ku Lusaka ndiwo unkatipatsa ntchito. Malole ankagwa m'mapili muja, anthu n'kubwela nao atathyoka, ife n'kumamanga zimene tikanatha, otsalawo kuwatumiza kutali. Chifukwa cha zimenezo anandisankha kuti ndipite ku Lusaka miyezi ingapo kukaphunzila ntchito ya m'fiyeta: kuwilitsa zitsulo, kuzidziwa maina, kupatsa dokotala chimene akufuna asanatsegule pakamwa. Iwe Malita ndinakusiya kwa azakhali ako usanasiye kuyamwa bwinobwino, ndipo mpaka lelo ndikaganiza za tsiku lija mtima umandiwawa.

Ndi zaka zomwezo zinthu zinayamba kusowa. Pamsika ankayamba afunsa khadi la chipani usanagule nthochi. Sopo tinkamuimila pamzele kuyambila m'mawa. Kuchipatala magulovu tinkawachapa, kuwayanika pa chingwe, kuwathila madzi kuti tione pamene aboola, n'kuwamata ndi zidutswa za anzao akufa. Ulusi wosokela khungu ukatha tinkawilitsa ulusi wa mbedza. Sindinena izi kuti mutimvele chisoni. Tinali achinyamata, dziko linali lathu, ndipo tinkakhulupilila kuti posachedwa madokotala adzakhala ana athu omwe.

Ku Petauke, chaka chimene kunabwela a Dokotala Mutale

Pamene anandipatsa fiyeta ya chipatala china cha m'dela la Petauke kuti ndiziiyang'anila, ndinakondwa kupeza a Daka ali komweko. Tsopano iwo ndiwo ankagoneka odwala pa opaleshoni. Dokotala wamkulu anali a Sakala, munthu wophunzila kunja, wamanja abwino koma wapakamwa pakuthwa. Kwa zaka zambili anali yekha pa chipatala chonse, ndipo kutopa kunali kutamudya chifundo. Ukalakwitsa ankakukalipila pomwepo, odwala akumva.

Kenako boma linayamba kutitumizila madokotala achinyamata, ongotsiliza kumene sukulu, kuti adzakhwimile ntchito pansi pa a Sakala. Woyamba anali a Mutale, mwana wa ku migodi, wamtali, wowonda, wa magalasi. Anafika ndi bokosi la mabuku lolemela kuposa la zovala. Ankalankhula Chibemba ndi Chizungu, ndi Chinyanja cha m'tauni chimene amai a kumidzi ya ku Msanzala ankangochiyang'ana. Ine ankanditcha "ba Sisitala". Za m'mabuku ankazidziwa zedi. Ukamufunsa za mtsempha uliwonse ankakuuza kumene wachokela ndi kumene ukupita. Koma ku chipatala chachikulu kumene anaphunzila, nthawi zonse kumbuyo kwake kunkakhala wina wamkulu, magazi ali m'filiji, magetsi osazima. Kwathu kuno kumbuyo kwake kunali khoma.

Mwezi wake wachiwili anthu anabwela nae mai wina wa kutali, atavutika ndi mimba masiku atatu kumudzi. Chibelekelo chinali chitang'ambika kale. A Sakala anali kumsonkhano, a Mutale anatsegula, koma mai uja anatisiya pa tebulo pomwepo. Ine ndinaona imfa zotele zambili, ndipo ndikunena zoona kuti ngakhale a Sakala sakanamupulumutsa. Koma atabwela, m'malo momukhazika pansi mnyamatayo, anamufunsa pakhonde, anamwino onse akumva, kuti kodi ku sukulu kuja anamuphunzitsa kuchiza kapena kupha.

Kuyambila tsiku limenelo a Mutale anasintha. Wodwala aliyense wofuna mpeni ankamulembela kalata yomutumiza ku Chipata, chikhalilecho galimoto ya chipatala nthawi zambili inalibe mafuta. Akamva mabelu a tilole yonyamulila odwala ku fiyeta ankapezeka ali ku wodi ya ana, akuwelenga makadi amene anawelenga kale. Anasiya kudya ndi anzake. Kumsika anthu anayamba kunena kuti dokotala wa magalasi ali ndi manja oipa, ndipo tcheyamani wa chipani wa m'dela lathu anabwela kawili kudzafunsa a Sakala kuti munthu ameneyu achoka liti.

Lachinayi lina masana, a Sakala atapita kukaona zipatala zazing'ono, kunabwela mtsikana wa mimba yoyamba, mwana atakanika kutsika. Panalibe kothawila. A Mutale anasamba m'manja, a Daka anagoneka mtsikanayo, tinayamba. Mwana anatuluka bwino, akulila. Koma pomutulutsa, bala la chibelekelo linang'ambikila kumbali, magazi n'kuyamba kudzaza ngati kasupe. Ndinatambasula dzanja kuwapatsa chopanila mtsempha. Sanachilandile. Ndinakweza maso, ndipo ndinaona munthu ataima manja ali m'mwamba, maso ali pa magaziwo koma osaona kanthu.

"A Dokotala, panani apa," ndinatelo.

Anabwelela m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Amai Lungu," anandiitana a Daka ndi mau awo aja otsika, "mtima wa mtsikanayu ukuthamanga. Musadikile."

Namwino saloledwa kuchita zimene ndinachita. Ndinalowetsa dzanja, ndinafinya, ndinapana mtsempha, ndinasoka chibelekelo monga ndinaonela a Sakala akusoka kwa zaka. Ndinatseka mimba ndekha. Pamene ndinkamanga mfundo yomaliza a Mutale anali atakhala pansi pakona, mutu uli pakati pa maondo. Mtsikanayo anakhala moyo.

Sabata ya buku la fiyeta

M'fiyeta muli buku limene timalembamo opaleshoni iliyonse ndi dzina la amene waichita. Wolemba ndinali ine. Tsiku limenelo ndinasiya mpata wopanda dzina, ndipo Lachisanu lonse mpatawo unkandiyang'ana. Ndikalemba kuti a Mutale, nkhani yatha: mai ali moyo, mwana ali moyo, a Daka sangaulule. Koma ndikatelo ndiye kuti mailo munthu yemweyo adzaimanso pa mimba ya mwana wa eni, onse akukhulupilila kuti akhoza. Ndikalemba zoona, a Sakala apeza chimene ankachifuna choti amuchotsele, ndipo inenso ndikhoza kuchotsedwa ntchito, inu muli ang'onoang'ono asanu. Nthawi yomweyo dzina langa linali litapita kale ku Chipata kuti andikweze kukhala metuloni, mkulu wa anamwino onse.

Loweluka masana ndinawauza atate anu tili kudimba, iwo akuthilila lepu. Anamvetsela mpaka ndinamaliza, kenako anaika chitini pansi.

"Ukalemba bodza lelo, udzamusokela mpaka liti?" anandifunsa. "Ndipo tsiku limene udzakhale ukudwala malungo kunyumba, adzasoke ndani?"

"Nanga akandichotsa?"

"Tidzalima lepu. Koma usayambe ndi a Sakala. Yamba ndi mwini wake."

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kunyumba kwa a Mutale. Ndinapeza bokosi lija la mabuku lili pakhomo, lomanga kale ndi chingwe. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pa bokosipo. Anati alemba kalata yosiya ntchito, apita kwa amalume awo ku migodi, mwina akapeza ntchito ya mu ofesi.

"Ba Sisitala, mwaona nokha. Manja awa si a dokotala."

"Ndaona manja amene anatulutsa mwana wamoyo," ndinatelo. "Chimene chinathawa si manja. Mukaona magazi mumaona mai uja woyamba, si choncho?"

Anavula magalasi n'kuyamba kulila, mwamuna wamkulu, wophunzila kundiposa. Ndinamusiya alile. Atatontholako ndinamuuza zimene ndinabwelela.

"Mailo ndilemba m'buku kuti munayamba ndinu, ndinamaliza ndine. Ndipo ndikawauza a Sakala. Sindinafune kuti mumve kwa ena."

"Ndiye mwandimaliza."

"Iyai. Ndikabisa ndiye ndakumalizani, chifukwa mudzakhala mukundiopa ine, mukuopanso tebulo, moyo wanu wonse. Tiyeni tikalowe tonse awili. Kalata yanuyo isungeni miyezi itatu. Ikatha musanasinthe, ndidzakunyamulilani bokosili ndekha mpaka pa basi."

Lolemba m'mawa tinalowa mu ofesi ya a Sakala. Ndinaika buku pa tebulo, lotsegula. Anawelenga, anandiyang'ana, anawelenganso. Zimene analankhula sindingazilembe zonse. Anati ndaphwanya lamulo, ndipo ndinavomela. Anati mnyamatayu abwelele kumene anachokela. Pamenepo ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo kwa bwana aliyense, ndinawayankha.

"A Dokotala, inu opaleshoni yanu yoyamba munali nokha?"

Ndinapitiliza kulankhula.

"Munthuyu anamutumiza kuti adzaphunzile kwa inu. Chiyambile kubwela mwaima nae pa tebulo kangati? Mukamubweza, adzabwela wina wonga iye, nayenso mudzamubweza, ndipo mudzafela pano muli nokha."

Ndinaona mtsempha wa pakhosi pao ukugunda. Ndinadziwa kuti ntchito yanga yathela pomwepo. Koma anatembenukila kwa a Mutale n'kufunsa ngati akufunadi kukhala. A Mutale anati akufuna kuyesa. A Sakala anavomela miyezi itatu: mnyamatayo asagwile mpeni popanda iwo, ndipo Lachiwili ndi Lachisanu adzaima nae. Za ine anati sangazikwilile, alemba kalata ya chenjezo. Analembadi. Kalata imeneyo inakhala m'failo yanga, ndipo umetuloni unapita kwa wina. Ndinaudikila zaka zina zisanu ndi chimodzi. Mukumbukila chaka chimene tinkayembekeza kusamukila m'nyumba yaikulu ija ya malata ofiila koma osasamuka? Chifukwa chake ndi chimenechi.

Miyezi itatu

Ine si dokotala, ndipo za m'mabuku sindikanamuphunzitsa kanthu. Chimene ndinkadziwa n'chakuti manja amaphunzila paokha, ndipo akaphunzila mokwanila amagwila ntchito ngakhale mutu uli ndi mantha. Ndinagwilizana ndi mwini butchala wina pamsika kuti akapha mbuzi azitisungila chifu ndi matumbo. Ntchito ikatha cha m'ma folo, tinkakhala kuseli kwa nyumba yochapila, chifu chili pa thabwa, a Mutale akudula ndi kusoka, ine ndikuthila madzi m'kati kuti tione ngati akudontha. Akadontha ankamasula n'kuyambanso. Amai ochapa zovala ankaseka mpaka kugwila nthiti, ati dokotala akuchiza mbuzi yakufa. Poyamba ankachita manyazi. Sabata yachitatu anayamba kuseka nao, ndipo mmodzi wa iwo anayamba kumuyesa mwana wake, kumubweletsela chimanga chootcha.

A Daka anaonjezapo chao. Ankaima pambali ndi ketulo ya madzi ofiilitsa ndi mankhwala a mabala, ndipo a Mutale ali pakati posoka, ankangokhuthula madziwo pa chifucho mwadzidzidzi. Tsiku loyamba mnyamatayo analumpha, singano n'kugwa. A Daka anati, "Magazi akabwela, choyamba si kuganiza. Ikani dzanja, finyani, pumani katatu. Dzanja likakhala pamenepo munthu safa msanga. Mukatelo ndiye muyambe kuganiza." Anabweleza zimenezo masiku ambili, mpaka madzi akakhuthuka dzanja linkapita lokha. Ndinamuuzanso kuti azitchula mokweza chilichonse chimene akuchita, chifukwa pakamwa pakamalankhula mutu suthawa.

Panalinso nkhani ya chilankhulo. M'mawa ndinkapeza mpata wokhala nae kolandilila odwala. Mai wina anamuuza kuti anapita padela mwezi watha, iye n'kufunsa kuti anapita ndi basi kapena wapansi. Wina anati msana wayamba, iye n'kulemba mankhwala a msana, chikhalilecho munthu ali pafupi kubeleka. Sindinkamukonza pamaso pao. Wodwala akatuluka ndinkamufotokozela, iye n'kulemba m'kabuku. Anaphunzila kupeleka moni wa Chinsenga, "Muli tyani, amama?", ndipo ngakhale ankaupotoza, amai a kumidzi ankamasuka n'kuyamba kunena zimene akanabisa. Cha m'mwezi wachiwili ndinangozindikila kuti wasiya "ba Sisitala", akunditcha "a Sisitala" ngati mwana wa konkuno.

Ndisawanamizile a Sakala, pangano lao analisunga. Lachiwili ndi Lachisanu ankaima mbali ina ya tebulo, manja atapinda, akudziluma lilime. Kukalipa sanasiye, koma anayamba kudikila kuti chitseko chitsekedwe. Tsiku lina a Mutale atatseka chophuka cha mdala wina, a Sakala anayang'ana msokowo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Mbuzi zija zakuthandizani." Kwa iwo kumeneko kunali kuyamika kwakukulu.

Sikuti zonse zinkayenda. Panali sabata imene anabwelela m'mbuyo, mwana wina atamwalila ku wodi ndi chikuku, ndipo anajomba kuseli kwa nyumba yochapila masiku anayi. Sindinamutsate. Tsiku lachisanu anabwela yekha, atanyamula matumbo m'pepala.

Dzinja la chaka chomwecho

Miyezi itatu inali isanakwane pamene mvula inagwa masiku atatu osakata. A Sakala anali ku Chipata, ndipo uthenga unabwela kuti madzi adula mseu, sabwela msanga. M'mawa wa tsiku lachitatu ngolo ya ng'ombe inalowa pachipata kuchokela ku Msanzala. Munali mai wa ana anayi, dzina lake Tisauke, mwamuna wake akutsogolela ng'ombe, matope mpaka m'chiuno. Mwana anali atagona chopingasa m'mimba, kadzanja katatuluka kale. Kumutumiza kwina kunali kosatheka.

A Mutale anamupima, anatuluka pakhonde, ndipo ndinawatsata.

"A Sakala anati ndisagwile mpeni popanda iwo," anatelo.

"Anatelodi. Ndiye tiwadikile?"

Anayang'ana mvula, anayang'ana mwamuna uja amene anali atakhala pansi pa mtengo, chipewa chili m'manja. Anapita kwa iye, anagwada pa bondo limodzi monga timachitila kwa akulu, n'kumufotokozela m'Chinyanja chake chosakaniza kuti ayenela kung'amba, kuti mwana mwina sapezeka wamoyo, koma ayesetsa kupulumutsa amai ake. Mwamunayo anafunsa ngati iyeyu ndiye dokotala wa magalasi amene anthu amanena. A Mutale anati ndi yemweyo. Bamboyo anati, "Mulungu ndiye adziwa. Chitani."

Posamba m'manja ndinaona zala zao zikunjenjemela. Anandiona kuti ndaona.

"Zikachitikanso, a Sisitala?"

"Zikachitikanso ndili ndi manja. Koma lelo sindikuganiza kuti muwafuna."

Magetsi anali atazima chifukwa cha mvula, ndiye tinakokela tebulo pafupi ndi zenela, namwino wina atagwila tochi. A Mutale anayamba, akutchula chilichonse mokweza: khungu, mafuta, apa chikhodzodzo, ndikuchikankhila pansi. Kutulutsa mwana wopingasa n'kovuta, ndipo anavutika kupeza mwendo, thukuta likulowa m'maso. Anamutulutsa ali lende, wotuwa. Mzamba anathamanga nae pakona. Ndipo monga ndinkaopela, chibelekelo chotopacho chinakana kukhwinyata, magazi n'kuyamba kubwela.

Mau a a Mutale anaduka. M'chipindamo munangomveka mvula pa malata. Ine chopanila chili m'dzanja, ndinadziuza kuti ndiwelenga mpaka khumi, ndikafika ndilowa. Ndili pa zinayi ndinaona dzanja lao likutsika, likugwila chibelekelo, likufinya. Ndinawamva akupuma, kamodzi, kawili, katatu.

"A Daka, jekiseni yokhwinyatitsa. Tochi isendele kuno. A Sisitala, kokani apa ndione."

Anapeza pamene pankatuluka, anapana, anasoka. Magazi anachepa, kenako analeka. Tili pakati potseka, kukona kuja kunamveka kamau kofooka ngati ka mwana wa mbuzi, kenako kulila kwenikweni. A Daka, amene sindinawamvepo akukweza mau zaka zonse zija, anati, "Eyaa!"

Titamaliza a Mutale anavula magulovu, anatuluka pa mvula, anakasanza kuseli kwa fiyeta. Anabwela atanyowa, anapukuta magalasi, n'kundipempha buku. Analemba dzina lao okha. Kenako anapita pansi pa mtengo paja kukauza mwamunayo kuti ali ndi mwana wamkazi ndipo amai ake adzuka.

A Sakala anafika patapita masiku awili. Anawelenga buku, anapita ku wodi kukaona bala la Tisauke, anabwela n'kufunsa kuti analoleza ndani. A Mutale anati palibe, analoleza okha. A Sakala anati, "Chabwino. Loweluka ndikupita kwathu kukaona amai anga, papita zaka zitatu. Chipatala ndikusiyilani." Za miyezi itatu sanazitchulenso, ndipo tcheyamani uja atabwelanso anamuuza kuti akafunse anthu a ku Msanzala.

Zaka zotsatila, mpaka kupuma

Pambuyo pake kunabwela ena ambili, mmodzi kapena awili pa chaka, ndipo zinangokhala ngati lamulo kuti watsopano aliyense ayambe wadzela kuseli kwa nyumba yochapila. Ena ankabwela odzikuza, osafuna kumva za namwino, ndipo amenewo ndinkawasiya mpaka tebulo liwachepetse. Ena ankabwela amantha. Amantha sankandidetsa nkhawa, chifukwa mantha amatanthauza kuti munthu akudziwa chimene wagwila. Sindinapambane pa onse. Panali mmodzi amene tinalimbana nae chaka chathunthu, koma manja ake sanagwilizane ndi mpeni, ndipo ndinamuuza poyela. Anakwiya nane, anachoka osatsazika. Ndinamva kuti anadzakhala dokotala wabwino wa matenda a chifuwa. Sanandilembelepo kalata, ndipo sindimuimba mlandu.

A Mutale akanatha kubwelela ku tauni zaka zao zitakwana, koma anakhala. Anakwatila mphunzitsi wa ku Minga, ndipo a Sakala atapuma, iwo ndiwo anakhala dokotala wamkulu. A Daka anatisiya chaka chotsatila, ndipo a Mutale ananyamula nao bokosi la malilo.

Chaka chimene anthu anayamba kulankhula poyela za zipani zambili, kunabwela dokotala wamkazi woyamba pa chipatala chathu, a Siame, kamtsikana kochepa thupi, kolimbikila ntchito. Tsiku lina m'mawa mwana wa zaka zitatu anamwalila m'manja mwao ndi malungo, akuyesa kupeza mtsempha woikila magazi. Namwino wa ku wodi anabwela kudzandinong'oneza kuti dokotala watuluka akulila ndipo sakuoneka. Ndinavula epuloni, maondo anali atayamba kale kundivuta, ndinazungulila nyumba zonse mpaka ndinawapeza pa masitepe a kuseli kwa labu yopimila magazi. Sanali okha. A Mutale anali atakhala pambali pao, pa simenti, chikhoti chao choyela chili m'fumbi, odwala akuwadikila ku ofesi. Ankangodikila kuti mtsikanayo amalize kulila. Atandiona anakweza dzanja pang'ono.

"A Sisitala, pitani mukapumule. Uyu ndi wanga."

Ndinabwelela ku fiyeta kukawilitsa zitsulo. Madzulo ake ndinawauza atate anu kuti ayambe kufolela nyumba ya kumunda, chifukwa tsopano ndikhoza kupuma.